Kuyeza anthu omwewo kangapo: mafunso ndi mayankho pa repeated measures ANOVA

Ofufuza ambiri amafika pa njira iyi mwadzidzidzi. Ayeza odwala asanayambe mankhwala, awayezanso pakatha mwezi, awayezanso pakatha miyezi itatu, ndiye akakhala pansi kuti awerengere, amapeza kuti ANOVA (analysis of variance, njira yoyerekezera ma avareji a magulu) imene anaphunzira poyamba siyikugwirizana ndi deta yawo. Mafunso otsatirawa ndi amene amabwera kawirikawiri pa nthawi imeneyi.

Kodi repeated measures ANOVA ndi chiyani?

Ndi njira yowerengera imene imayerekeza ma avareji atatu kapena kuposerapo pamene manambala onsewo achokera kwa anthu omwewo, kapena zinthu zomwezo. Munthu mmodzi amakhala ndi manambala angapo: wa lero, wa sabata yamawa, wa mwezi wamawa. Kapena amayesedwa m'mikhalidwe yosiyana, mwachitsanzo kuwerenga pachete, kuwerenga pali phokoso la nyimbo, ndi kuwerenga pali anthu akulankhula. Funso limene njirayi imayankha ndi lakuti: kodi kusiyana kwa ma avarejiwa ndi kwakukulu kuposa kumene kungabwere mwangozi?

ANOVA yeniyeniyo inayambika ndi Ronald Fisher, amene anayamba kugwira ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919, ndipo nambala yake yaikulu imatchedwa F pomupatsa ulemu iyeyo. Repeated measures ndi nthambi imodzi chabe ya mtengo womwewo.

Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito ANOVA wamba ija?

Pali zifukwa ziwiri, ndipo chachiwiricho ndi chimene anthu amachinyalanyaza.

Choyamba, ANOVA wamba imafuna kuti nambala iliyonse ikhale yodziimira payokha, isadalire inzake. Koma manambala a munthu mmodzi amayenda limodzi. Amene magazi ake amathamanga kwambiri mwezi uno, mosakayikira adzathamangabe kwambiri mwezi wamawa poyerekeza ndi anzake, ngakhale mankhwala atatsitsako pang'ono. Mukawatenga manambalawo ngati ochokera kwa anthu osiyana, mwaphwanya lamulo limene kuwerengera konseko kwatsamirapo.

Chachiwiri, mumataya mphamvu yaikulu imene kafukufuku wanuyo ali nayo. Anthu amasiyana kwambiri mwachibadwa, ndipo mu ANOVA wamba kusiyana konseko kumaponyedwa m'dengu la "zosadziwika chifukwa chake". Dengulo likakula, kusintha kwenikweni kumene mukufunafuna kumamira. Mu repeated measures, munthu aliyense amayerekezedwa ndi iye mwini. Zili ngati mayi amene amalemba chizindikiro pakhoma posonyeza msinkhu wa mwana wake chaka chilichonse: safunika kudziwa kutalika kwa ana ena onse kuti aone kuti wakeyo akukula.

Mungandionetse ndi manambala?

Tiyerekeze kuti tili ndi anthu anayi okha, ndipo tayeza BP yawo (kuthamanga kwa magazi) katatu. Manambalawa ndi ongopeka kuti tiphunzirirepo.

| Munthu | Poyamba | Mwezi 1 | Mwezi 3 | Avareji yake |
|---|---|---|---|---|
| A | 156 | 149 | 145 | 150 |
| B | 144 | 142 | 134 | 140 |
| C | 165 | 159 | 156 | 160 |
| D | 135 | 130 | 125 | 130 |
| Avareji | 150 | 145 | 140 | 145 |

Yang'anani mzere uliwonse. Aliyense watsika, ndipo watsika mofanana ndithu, pafupifupi ndi 10 kuchokera poyamba kufika pamapeto. Tsopano yang'anani mizati. M'mzati woyamba manambala ayambira pa 135 kufika pa 165, kusiyana kwa 30, komwe ndi katatu kuposa kutsika konse kumene mankhwala aonetsa.

ANOVA imagwira ntchito ndi kusiyana kochulukitsidwa pakokha kenako n'kuphatikizidwa, kumene amati sum of squares. Pano chiwerengero chonse ndi 1710. Gawo la nthawi limapezeka motere: ma avareji a mizati asiyana ndi avareji ya onse, 145, ndi 5, 0 ndi 5; kuchulukitsa iliyonse payokha kumapatsa 25, 0 ndi 25, pamodzi 50, kuchulukitsa ndi anthu 4 kumakhala 200. Gawo la kusiyana kwa anthu: ma avareji awo asiyana ndi 145 ndi 5, 5, 15 ndi 15, zomwe zimapatsa 25, 25, 225 ndi 225, pamodzi 500, kuchulukitsa ndi nthawi 3 kumakhala 1500. Chotsala ndi 10 basi.

ANOVA wamba siyidziwa kuti pali anthu anayi. Imaona manambala 12 a anthu 12. Choncho imaphatikiza 1500 ndi 10 n'kupeza 1510 ngati zosadziwika, n'kugawa ndi 9, kupeza pafupifupi 167.8. Gawo la nthawi, 200 kugawa ndi 2, ndi 100. F imatuluka 100 kugawa ndi 167.8, pafupifupi 0.6. Yankho lake: palibe chachitika.

Repeated measures imachotsa 1500 uja kaye, chifukwa tikudziwa kumene wachokera. Zosadziwika zimatsala 10, kugawa ndi 6, pafupifupi 1.67. F imakhala 100 kugawa ndi 1.67, kumene ndi 60. Malire oti F iyenera kudutsa pa mlingo wa 0.05 (kulola mwayi wolakwitsa wa 5 pa 100) ndi 5.14, ndiye 60 wadutsa patali zedi. Manambala ndi omwewo, koma njira imodzi yaona zimene maso athu anaona kale m'mizere, inayo yaphonya.

Deta yeniyeni siyikhala yoyera chonchi, koma mfundo yake ndi yomweyi: pamene manambala a munthu mmodzi amayenderana kwambiri, phindu la njirayi limakulanso.

Kodi 2, 6 ndi 9 amenewa achokera kuti?

Ndi ma degrees of freedom, kutanthauza kuchuluka kwa manambala amene ali ndi ufulu wosintha pa gawo lililonse. Ngati k ndi kuchuluka kwa nthawi zoyezera ndipo n ndi kuchuluka kwa anthu, gawo la nthawi limatenga k − 1, gawo la anthu limatenga n − 1, ndipo zosadziwika zimatenga (k − 1) kuchulukitsa ndi (n − 1). Pachitsanzo chathu ndi 2, 3 ndi 6. Mu ANOVA wamba 3 ndi 6 zija zimakhala pamodzi, n'chifukwa chake tinagawa ndi 9. Ndi chizolowezi chabwino kuona manambala amenewa pa zimene kompyuta yatulutsa, chifukwa akakhala olakwika ndiye kuti pulogalamu siinamve kuti anthu anu ndi omwewo.

Ndayeza kawiri kokha. Ndigwiritsebe ntchito njirayi?

Mungathe, koma palibe chifukwa. Paired t-test, mayeso oyerekeza ma avareji awiri a anthu omwewo, imapereka yankho lomwelo ndendende: F imangokhala t yochulukitsidwa payokha, ndipo p, mwayi wopeza kusiyana kwakukulu chonchi mwangozi pamene kusintha kwenikweni kulibe, ndi yofanana.

Sphericity ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani aliyense amaichita mantha?

Apa ndi pamene pali mtengo wolipira pa mphamvu imene tapeza ija. F ya repeated measures imakhala yolondola pokhapokha deta ikakwaniritsa lamulo lina lapadera, limene ndi sphericity.

Tengani nthawi ziwiri zilizonse, muchotsere nambala ya munthu aliyense pa inzake. Poyamba kuchotsa mwezi 1, mupeza mndandanda wa kusiyana. Poyamba kuchotsa mwezi 3, mndandanda wina. Mwezi 1 kuchotsa mwezi 3, winanso. Mndandanda uliwonse uli ndi kumwazikana kwake, variance yake. Sphericity imati ma variance onsewa akhale ofanana mwa anthu onse amene gulu lanu lachokerako. Onani kuti sikunena za variance ya manambala enieniwo pa nthawi iliyonse, koma ya kusiyana pakati pa nthawi ziwiri. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Vuto ndi lakuti deta yoyezedwa motsatira nthawi kawirikawiri imaphwanya lamuloli mwachibadwa. Kuyeza kwa lero ndi kwa mawa kumafanana kwambiri kusiyana ndi kwa lero ndi kwa chaka chamawa. Choncho kusiyana pakati pa nthawi zoyandikana kumamwazikana pang'ono, ndipo kwa nthawi zotalikirana kumamwazikana kwambiri. Nthawi zoyezera zikachuluka, mwayi woti lamuloli ligwire umachepa.

Zotsatira zake n'zoipa mbali imodzi: p imatuluka yaing'ono kuposa mmene iyenera kukhalira. Mumaganiza kuti mukulola mwayi wolakwitsa wa 5 pa 100, pamene weniweniwo ndi wokulirapo, ndiye mumalengeza kuti mwapeza kusintha kumene mwina kulibe. Nthawi zikakhala ziwiri zokha vutoli kulibe, chifukwa mndandanda wa kusiyana ndi umodzi, palibe wina woufananitsa nawo.

Ndiye ndingodalira mayeso a Mauchly kuti andiuze?

Ine ndinganene kuti ayi, ngakhale kuti mapulogalamu ambiri amawatulutsa pamwamba penipeni ndipo ophunzira ambiri amaphunzitsidwa kuyambira pamenepo. Mayesowa anawafalitsa John Mauchly mu 1940, yemwe uja amene pambuyo pake anapanga kompyuta ya ENIAC limodzi ndi J. Presper Eckert. Kawerengedwe kake n'kosavuta: p ikatsika pansi pa 0.05, timati sphericity yaphwanyidwa.

Koma amalephera pa malo amene timawafunira kwambiri. Anthu akakhala ochepa, Mauchly alibe mphamvu zokwanira, ndiye amakhala chete ngakhale lamulo litaphwanyidwa kwambiri. Anthu akakhala ochuluka zedi, amakuwa ngakhale pa kuphwanya kochepa kopanda vuto. Amasokonezekanso deta ikapanda kutsatira normal distribution, kumwazikana kumene manambala ambiri amaunjikana pakati n'kumachepa mofanana mbali zonse ziwiri. Kunena kuti "Mauchly sanapeze kanthu, choncho zonse zili bwino" ndi kudzinamiza, makamaka pa kafukufuku wa anthu 10 kapena 15. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amalangiza kungogwiritsa ntchito p yokonzedwa nthawi zonse, osayang'ana kuti Mauchly wanena chiyani.

Kukonzako kumachitika bwanji?

Pali nambala yotchedwa epsilon imene imayeza kukula kwa kuphwanyako. George Box ndiye anaifotokoza mu 1954. Ikakhala 1, sphericity ilipo yonse. Siyingatsike kupitirira 1 kugawa ndi k − 1, kutanthauza 0.5 pa nthawi zitatu ndi 0.25 pa nthawi zisanu. Kukonza kwake ndi kuchulukitsa ma degrees of freedom onse awiri ndi epsilon. F yeniyeniyo siyisintha, koma malire oti idutse amakwera, ndiye p imakula.

Popeza epsilon yeniyeni sitiidziwa, timaiyerekeza kuchokera ku deta, ndipo pali njira ziwiri zotchuka. Ya Samuel Greenhouse ndi Seymour Geisser, ya mu 1959, imakonda kutsitsa epsilon mopitirira pang'ono, makamaka pamene kuphwanyako n'kochepa, ndiye ndi yokhwimitsa. Ya Huynh Huynh ndi Leonard Feldt, ya mu 1976, inapangidwa kuti ichepetse kukhwimitsako, ndipo nthawi zina imatulutsa nambala yoposa 1, imene imangobwezedwa pa 1. Malangizo amene amatsatiridwa kawirikawiri ndi akuti epsilon ya Greenhouse-Geisser ikakhala pansi pa 0.75 mugwiritse ntchito yomweyo, ikakhala pamwamba mutenge ya Huynh-Feldt. Chofunika ndi kusankha musanaone ma p, osati kutenga imene yakukomerani.

Musadabwe mukaona ma degrees of freedom ngati 1.43 ndi 27.2. Si kulakwitsa kwa kompyuta, ndi kukonza kumeneku. Pa chitsanzo chathu chija, ngakhale titatenga epsilon yoipitsitsa ya 0.5, ma degrees of freedom akhala 1 ndi 3, malire akwera kufika pa 10.13, ndipo 60 wadutsabe.

F yatuluka yaikulu, p yaing'ono. Ndiye kuti mankhwala agwira ntchito?

Osati choncho, ndipo ili ndi funso limene ndingakonde kuti lifunsidwe kwambiri kuposa la sphericity. Zimene mwapeza ndi zakuti ma avareji asintha pakati pa nthawi zitatuzo. Chimene chawasintha, F siinena.

Ganizirani za anthu anayi aja. Mwina analowa m'kafukufuku chifukwa tsiku limene anayezedwa koyamba BP yawo inali yokwera. Munthu amene wasankhidwa pa tsiku lake loipa, akamayezedwanso nambala imakonda kubwerera kufupi ndi pamene imakhala masiku onse, popanda mankhwala alionse. Francis Galton anaona khalidwe limeneli kalekale poyeza misinkhu ya makolo ndi ana awo, ndipo lero limatchedwa regression to the mean. Kuwonjezera apo, anthu amazolowera woyeza ndi chipangizo chake, mantha a tsiku loyamba amatha, matenda ena amadzichepera okha, nyengo imasintha. Zonsezi zimayenda limodzi ndi nthawi, ndipo gulu limodzi lokha silingazilekanitse ndi mphamvu ya mankhwala.

Njira yake ndi kukhala ndi gulu lachiwiri limene silikulandira mankhwalawo, ndipo anthu agawidwe m'magulumo mwamaere. Pamenepo kuwerengera kumakhala mixed ANOVA, yokhala ndi gulu ngati chinthu chosiyanitsa anthu ndi nthawi ngati chinthu chobwerezedwa. Mzere wofunika pa zotsatira si wa nthawi kapena wa gulu, koma wa interaction ya ziwirizo, umene umafunsa ngati kasinthidwe ka gulu limodzi kakusiyana ndi ka linzake. Magulu onse akatsika mofanana, mankhwala sanachite kanthu, ngakhale mzere wa nthawi utakhala ndi p yaing'ono bwanji.

Nanga ngati zimene zikubwerezedwa si nthawi koma mikhalidwe yosiyana?

Apa mdani ndi ndondomeko. Aliyense akayamba ndi kuwerenga pachete n'kumaliza ndi kuwerenga pali anthu olankhula, simungadziwe ngati kulephera kwa pamapeto kwabwera ndi phokoso kapena ndi kutopa. Kuzolowera kungachitenso zosiyana ndi zimenezi, munthu n'kumachita bwino chifukwa chongobwereza. Choncho ndondomeko imasinthidwasinthidwa. Mikhalidwe itatu ingasanjidwe m'njira 6, inayi m'njira 24, isanu m'njira 120, ndiye ikachuluka ofufuza amagwiritsa ntchito Latin square, pamene mkhalidwe uliwonse umapezeka kamodzi pa malo alionse a ndondomeko. Pa mankhwala pamafunikanso mpata wokwanira woti oyamba athe m'thupi achiwiri asanayambe. Chinthu chimene chimasiya kusintha kosatha, monga opaleshoni kapena kuphunzitsa luso, sichingayesedwe m'njira yosinthanitsa chonchi n'komwe.

Ndingadziwe bwanji kuti ndi nthawi ziti zimene zasiyana?

F imangonena kuti pali kusiyana penapake. Kuti mupeze pamene pali, yerekezani awiriawiri ndi paired t-test, kenako mukonze ma p chifukwa mwayesa kangapo. Njira ya Bonferroni imagawa 0.05 ndi kuchuluka kwa mayeso. Pa nthawi zitatu mayeso ndi atatu, ndiye malire amakhala pafupifupi 0.017. Njira ya Holm ya mu 1979 imateteza mofanana koma siyitaya mphamvu zambiri, ndipo palibe chifukwa chabwino choikanira. Ngati nthawi zili ndi dongosolo, funso labwino kwambiri nthawi zambiri ndi la mawonekedwe a kusinthako: kodi kukutsika mowongoka, kapena kwatsika msanga kenako n'kuima? Mayeso otchedwa polynomial contrast amayankha zimenezi mwachindunji.

Ena mwa anthu anga sanabwere pa kuyeza kwina. Zikhala bwanji?

Repeated measures ANOVA imafuna mzere wathunthu. Munthu akasowa nambala imodzi mwa zisanu, mapulogalamu amachotsa munthu yenseyo, ndipo ena amatero mwakachetechete. Mungayambe ndi anthu 60 n'kupeza kuti kuwerengera kwachitika pa 38. Kutaya anthu n'koipa kale, koma choipitsitsa ndi chakuti amene amasiya nthawi zambiri si ofanana ndi amene amatsala. Amene mankhwala sakuwathandiza, kapena akuwapweteka, ndi amene amaleka kubwera, ndiye otsalawo amaonetsa chithunzi chokongola kuposa choonadi.

Kudzaza mipata ndi avareji, kapena kukopera nambala yomaliza ya munthuyo m'mipata yotsatira, kumabisa vutolo osalithetsa. Chimene chimathandiza ndi njira ina yowerengera yotchedwa linear mixed model, imene Nan Laird ndi James Ware anaifotokoza bwino pa deta yotsatira nthawi mu 1982. Imagwiritsa ntchito nambala iliyonse imene ilipo, imalola kuti anthu ayezedwe pa masiku osafanana, ndipo imakupatsani ufulu wonena mmene manambala a munthu mmodzi amagwirizanirana m'malo mokakamira sphericity. Nayonso ili ndi malire: imalakwitsa ngati chifukwa chosiyira chikukhudzana ndi nambala imene sinayezedweyo. Komabe deta ikakhala ndi mipata, kapena nthawi zikapitirira zinayi kapena zisanu, ine ndingapite kumeneko. ANOVA ikhale ya kafukufuku waudongo, wa mikhalidwe yochepa, pamene aliyense wamaliza.

Deta yanga siyitsatira normal distribution. Nditani?

Choyamba onetsetsani kuti mukuyang'ana zotsala mutachotsa gawo la nthawi ndi la anthu, ma residual, osati manambala oyezedwawo. Kupendekera pang'ono si vuto lalikulu anthu akakhala ochuluka ndithu, koma nambala imodzi yotalikirana ndi zinzake ingasokoneze zambiri. Zikavuta, makamaka pa deta ya masanjidwe ngati "pang'ono, pakati, kwambiri", pali mayeso a Friedman, amene amasanja manambala a munthu aliyense kuyambira wamng'ono kufika wamkulu n'kuyerekeza masanjidwewo. Anawafalitsa mu 1937 ndi Milton Friedman, amene anadzalandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 1976. Ngati zotsatira ndi "inde" kapena "ayi", ANOVA siyoyenera. Pamenepo pali Cochran's Q kapena mixed model ya mtundu wa logistic.

Ndiisanje bwanji deta mu kompyuta?

Mapulogalamu a SPSS, jamovi ndi JASP amafuna mzere umodzi pa munthu aliyense, nthawi iliyonse ndi mzati wake, ngati tebulo lathu lija. Mu SPSS njira yake ili pansi pa General Linear Model, kenako Repeated Measures. Mu pulogalamu ya R, mapakeji ngati afex, nlme ndi lme4 amafuna mzere umodzi pa kuyeza kulikonse, ndiye anthu anayi aja amakhala ndi mizere 12, yokhala ndi mzati wa munthu, wa nthawi ndi wa nambala. Cholakwika chofala mu R ndi kusiya mzati wa munthu kapena wa nthawi ngati manambala wamba m'malo mwa factor, mzati umene R imautenga ngati mayina a magulu. Zotsatira zimatuluka bwinobwino popanda chenjezo, kungoti ma degrees of freedom ndi olakwika.

M'lipoti ndilembe chiyani?

Ma avareji ndi standard deviation (muyezo wa kumwazikana kwa manambala) pa nthawi iliyonse, kuchuluka kwa anthu amene anayamba ndi amene alowa m'kuwerengera, F ndi ma degrees of freedom ake, p, kukonza kumene mwagwiritsa ntchito pamodzi ndi epsilon, ndi kukula kwa kusinthako. Pa chomalizachi samalani. SPSS imatulutsa muyezo wa kukulako wotchedwa partial eta squared, imene pa chitsanzo chathu ndi 200 kugawa ndi 210, kapena kuti 0.95. Generalized eta squared imabwezeramo kusiyana kwa anthu, 200 kugawa ndi 1710, pafupifupi 0.12. Zonse n'zolondola, koma yoyambayo siyingayerekezedwe ndi ya kafukufuku wa magulu osiyana, ndipo owerenga osadziwa angaganize kuti nthawi yafotokoza 95 pa 100 ya kusiyana konse kwa BP. Nenani momveka kuti mwalemba iti. Onjezanipo kusinthako m'miyezo yake yeniyeni, monga kutsika kwa 10 mmHg pa miyezi itatu pamodzi ndi confidence interval yake, malire osonyeza kusatsimikizika kwa nambalayo, chifukwa dokotala kapena mphunzitsi amene adzawerenge lipotilo adzapanga chiganizo chake pa nambala imeneyo.